Kabokosi Kamene Kanandilanda Adada

Ndivomereretu poyamba pomwe, kuti tisadzavutane kutsogoloku: ndinachitira nsanje kabokosi. Anzanga amachitira nsanje mkazi mnzawo kapena neba amene wagula galimoto, koma ine ndinapsera mtima kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, kamene mng'ono wanga anakhomera pakhoma kunyumba kwake ku Nkhorongo. Amakatcha rauta. Kamangophethiraphethira tinyale tobiriwira tsiku lonse, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo amapeza intaneti popanda waya. Mpaka lero ndikakayang'ana ndimamva kutentha pachifuwa.

Kwathu tinabadwa atatu, tonse mu Mzuzu muno: ine woyamba, kenako mlongo wanga, mwamuna yekhayo, kenako mng'ono wanga wa kabokosiyo. Bambo athu anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira umesenjala mu ofesi ina, ndipo sanabwererenso. Timawatchula kuti adada, monga anzathu a kuno ankatchulira abambo awo. Umesenjalawo unawalowa m'magazi. Kwa iwo, chimene sichinalembedwe papepala sichinanenedwe. Ukawauza kuti mawa kuli msonkhano kutchalitchi, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti kalata yake ili kuti.

Ine ndine ndinayamba kukhudza kompyuta m'banja mwathu, ndipo ulemu umenewu sindidzagawana ndi munthu. Ndinaphunzira pa kasukulu kena m'tauni, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo wina wachisilamu wa ku Mangochi. Polowa tinkavula nsapato pakhomo, chifukwa aphunzitsi ankati fumbi limapha makina, ndiye ndi matope ofiira a kuno palibe ankatsutsa. Kompyuta ya nthawi imeneyo inali ndi ulemu wake. Ukaiyatsa inkayamba yang'ung'udza, n'kulira kamodzi kuti pii, iwe uli phee manja pamaondo, kudikira kuti ikulole. Ukamaliza sunkangonyamuka ayi. Unkaitsanzika bwinobwino, kudikira kuti izime yokha, kenako n'kuifunditsa nsalu.

Patapita nthawi ndinagula yangayanga kwa anthu ena amene ankatseka ofesi. Inabwera kwanga ku Masasa pa njinga ziwiri za kabaza, sikirini yake ya chimsana ili pa njinga yakutsogolo, ine ndikuthamanga pambali kukalipira wopalasa pa bampu iliyonse. Ndinailukira nsalu yoyera ya maluwa. Maneba ankabwera kudzangoiona, ena ankaipatsa ndi moni. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, ndondomeko za maliro. Pulinta yanga ikayamba kulira, nyumba zitatu kumtunda zinkadziwa kuti mayi wa kompyuta wapeza kasitomala.

M'zaka zomwezo mlongo wanga anapita ku Joni osatsanzika. Anangosowa m'mawa wina, tinamva kwa anzake kuti wakwera basi. Pasanathe zaka ziwiri amayi anamwalira, ndipo iye sanabwere kumaliro. Analibe mapepala, akanabwera sakanabwereranso. Ife alongo ake tinamvetsa, koma adada ayi. Anasamukira kwanga ku Masasa, m'chipinda chakumbuyo, ndipo chaka chathunthu dzina la mwana wawo wamwamuna silinatuluke pakamwa pawo.

Loweruka lina masana ndinangowaona akulowa pabalaza atavala jekete, fayilo yatsopano ili m'khwapa. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kompyuta.

"Vundukula makinawo," anatero. "Ndamva kuti amatumiza kalata mpaka ku Joni. Tilembe."

Ndinavundukula, ndinayatsa, tinadikira limodzi kuti ilire.

"Lemba kuti: Kwa iwe amene unali mwana wanga."

Zala zanga zinaima. "Adada, tiyambe choncho?"

"Mlembi safunsa. Lemba."

Ndinalemba. Anamuuza kuti amayi ake anatsitsidwa m'manda ndi ana a eni, iye alipo wamoyo. Anamuuza zina zimene sindingabwereze pano. Nditasindikiza, anawerenga mzere ndi mzere ndi chala, anasayina, anaboola pepalalo pakona ndi kachida kawo ka ku ofesi, n'kulimanga m'fayilo ndi kachingwe kobiriwira. Kenako analamula kuti nditumize.

Intaneti nthawi imeneyo inali ya m'tauni. Unkaika kalata pa disiketi, n'kupita nayo ku kafe ya intaneti, n'kukhala pamzere. Lolemba m'mawa, ndisanaike kalatayo pa disiketi, ndinaitsegulanso. Ndinaiwerenga kawiri. Ndinkamudziwa mlongo wanga, ndi adada ake enieni, mutu wake ndi womwewo. Kalata imeneyo ikanafika momwemo, sitikanamvanso za iye mpaka kalekale. Ndiye ndinafufuta mzere woyamba n'kulemba kuti "Kwa mwana wanga". Nditaona kuti denga silinagwe, ndinapitiriza. Ndinachotsa minga yonse, n'kusiya nkhani ya mvula ndi ya bondo la adada.

Yankho linabwera patatha masabata awiri. Linali la mizere iwiri: "Asisi, ndalandira. Auzeni adada asandikumbutse za maliro, ndili ndi mavuto anga." Ndinaliika pa disiketi, ndinafika nalo kunyumba, ndinatseka chitseko. Pamene linkatuluka mu pulinta linali tsamba lathunthu, lofunsa za bondo lija, lopereka moni kwa akuluakulu a kutchalitchi. Adada analiwerenga ataimirira, anangoti "Hmm", n'kuliboola pakona.

Ntchito yanga inayamba choncho. Kalata iliyonse inali ndi mapasa: ya m'fayilo ndi ya pamsewu. Ya m'fayilo inali mawu enieni a adada, ya pamsewu inali imene ndinkaona kuti mwana angameze. Zochokera ku Joni nazo zinkadutsa kaye m'manja mwanga. Musandifunse ngati chikumbumtima chinkandivuta. Chinkandivuta Lamlungu m'tchalitchi, pofika Lolemba chinkakhala chitachira.

Makalata awiri ndiwo ndimawakumbukira mawu ndi mawu, chifukwa ndinawalemba ndikulira. Tsiku lina kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja, ndinatopa kudikira kuti wina ayambe kupepesa. Ndinamulembera mlongo wanga chipepeso chimene sanapepese: "Adada, ndinalakwa. Tsiku limene munkaika amayi ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu kuno, ndinavula chipewa, ndipo sindinadye mpaka mawa lake." Adada atawerenga anakalowa kuchipinda, ndipo sanatuluke mpaka madzulo. Loweruka lotsatira ananditchulira yankho lowuma gwa: akadzabwera akafikire kumanda kaye, pakhomo pawo asaponde asanakagwade kwa amayi ake. Zimenezo zinalowa m'fayilo. Ya pamsewu inanyamula mawu anga: "Khomo langa sindinatseke, mwana wanga. Ndangolibweza chifukwa cha mphepo."

Zaka zinapita. Kompyuta yanga ya chimsana inafa imfa ya ukalamba, tsiku lina inangokana kulira. Sindinaitaye, ili pakona m'chipinda mwanga, yofunda nsalu yake. Ndinagula laputopu yakaunjika, chinthu chopanda mwambo, chimene umatsegula ngati chivindikiro cha poto n'kutseka osatsanzika. Makafe aja anasanduka masaluni ndi mashopu a mafoni. Mlongo wanga anayamba kutiimbira ife alongo ake, koma adada foni ankaikana kwamtuwagalu. Ankati mawu a pafoni ndi mphepo, mawa munthu akhoza kuwakana. Ine ndinkawavomereza ndi mtima wonse, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Chodabwitsa n'chakuti makalata enieniwo anayamba kufewa okha. Munthu ukamalandira mawu abwino mwezi ndi mwezi, pakamwa pako pamazolowera. Ndinayamba kusintha pang'ono chabe, kungothira kamchere. Koma Loweruka masana linakhalabe langa. Adada ankavala jekete, ine ndinkafulula tiyi, n'kukhala awiriwiri. Alendo akabwera ankandiloza n'kunena kuti, "Uyu ndi mlembi wanga." Ndinakwatiwa, banja linatha, ana anakula n'kupita kwawo, koma udindo umenewo palibe anandilanda.

Kenako mng'ono wanga anakhoma kabokosi kake.

Mumvetse, mng'ono wangayu sanavulepo nsapato chifukwa cha kompyuta. Amatayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola chimanga. Disiketi sanaigwirepo, mukamupatsa angaike kapu ya tiyi pamwamba pake. Koma anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Rumphi amene amagwira ntchito yake pa laputopu ali kunyumba, ndipo iwo ndi amene anabweretsa wayifayi. Kuchokera pamenepo kunyumba kwawo kunasanduka kwa mfumu. Alendo a masiku ano sapempha madzi akumwa, akangokhala pansi amapempha pasiwedi. Mng'ono wanga anailemba pakapepala n'kumata pa firiji, ndipo akamauza mlendo kuti "ili pa firijipo" amachita kukweza mapewa ngati intaneti anaipanga yekha kukhitchini. Ine sindinapemphe. Ndinkakhala pa sofa foni ili m'chikwama, maso kumbali, kuti ndisaone ngakhale chilembo chimodzi cha kapepalako.

Tsiku lina tili komweko ndi adada, mng'ono wanga anangoti, "Adada, mukudziwa kuti mukhoza kuwaona achimwene pa laputopu? Kuno netiweki siduka, mungacheze ngakhale tsiku lonse."

Ndinaseka mokweza. "Iwe, adada ndi foni? Sukuwadziwa bambo ako?"

Koma adada anali atatsamira kutsogolo. "Kumuona? Nkhope yake?"

"Nkhope yake, adada. Iwonso n'kumakuonani."

"Imeneyo si foni," anatero pang'onopang'ono. "Munthu ukamuona m'maso ndiye kuti mwakumana."

Sabata imeneyo ndinachita zinthu zochititsa manyazi. Ndinawauza adada kuti ku Nkhorongo n'kutali ndipo bondo lawo silifuna kuzizira. Ndinati zithunzi za pa laputopu zimawononga maso. Nditaona kuti sakumva, ndinati chabwino, tichitire konkuno kwathu, pa bandulo ya foni yanga. Koma nyumba yanga ili kunsi kwa chitsetso, kumene netiweki imafika itatopa. Ndinayesa pawindo, ndinayesa pakhonde, ndinakwera ndi laputopu mpaka pamsewu wa kumtunda, amayi ogulitsa tomato akundiyang'ana. Chithunzi chinkangouma. Tsobola wakale sawawa, ndinadziuza ndekha pobwerera, ndipo tsobolayo ndinali ine.

Ndinkaopa kuti bodza langa liululika, zimenezo n'zoona. Koma pansi pa manthawo panali china choipa kwambiri, ndipo ndichinena. Ndinkalakalaka akangane. Ndinkafuna kuti akangoonana, mitu yawo iwiri ija igundane, adada atseke laputopuyo mokwiya, n'kubwerera kwa ine Loweruka lotsatira kuti, mlembi, vundukula makina. Mwana wamkulu, mayi wa zidzukulu, kufunira bambo ake ndi mlongo wake ndewu kuti iye asachotsedwe ntchito.

Mng'ono wanga anasankha Loweruka masana, tsiku langa lenileni. Adada anavala jekete lomwe lija, fayilo anaikulunga m'jumbo chifukwa kunja kunkawaza. Titafika, alamu a ku Rumphi aja anatilandira pageti m'Chitumbuka.

"Mwatandala uli, adada? Njirani, njirani. Zonse zili ready, achimwene akudikira kale."

"Yewo, yewo," anatero adada, osaima n'komwe kuti apukute nsapato.

Laputopu inali patebulo la pabalaza, moyang'anizana ndi kabokosi kaja. Adada anawakhazika pampando wapakati, mng'ono wanga anakhala pambali pawo. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, kumene kamera sinkafika. Alamu anadina kamodzi kokha, popanda kudikira, popanda kulira kwa pii, ndipo mlongo wanga anatulukira. Ndevu zake zinali ndi imvi. Adada anamuona komaliza ali mnyamata.

Adada anachita zimene mesenjala amachita akasowa poyambira. Anamasula jumbo, anatsegula fayilo, ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufunafuna.

"Pali kalata imene unandilembera," anatero. "Sindinakuyankhe bwino pa nthawiyo. Ndikufuna ndikuyankhe lero."

Anaiwerenga mokweza, yonse. Ya m'mbali mwa msewu, ya chipewa, ya kusadya mpaka mawa lake. Mlongo wanga anayamba wakwinya nkhope, kenako maso ake anayenda uku ndi uku pa sikirini, ndipo ndinadziwa kuti akufuna ine. Sanandipeze. Anaweramitsa mutu nthawi yaitali.

"Inde, adada," anatero pomaliza. "Ndinalakwa."

Anali asananenepo mawu amenewo chibadwire. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa kachikwama ka ndalama, ndipo m'menemo munatuluka kapepala kopindapinda, kakuda ndi thukuta.

"Inenso ndimayenda ndi yanu, adada. Ndinaisindikiza kalekale. Nthawi zina zinthu zikavuta kuno ndimaiwerenga." Anatambasula kapepalako. "Munati khomo simunatseke. Munati mwangolibweza chifukwa cha mphepo."

Adada anatembenuza fayilo kumbali ya makalata otuluka, anafufuza mpaka anapeza ya mwezi umenewo. Ine ndinkadziwa zimene zili patsambalo, ndinazitayipa ndekha: akafikire kumanda, pakhomo asaponde. Chala chawo chinayenda mzere ndi mzere mpaka pa siginecha yawo. Ndinadikira kuti atembenuke. Sanatembenuke. Anatseka fayiloyo mofatsa n'kuika manja onse awiri pamwamba pake.

"Ngati zinalembedwa," anatero, "ndiye kuti ndinanena."

Pamenepo onse analira. Mlongo wanga analira ku Joni, adada analira ku Nkhorongo, mng'ono wanga anawakumbatira onse awiri, bambo ndi laputopu yomwe. Alamu ankangoti, "Yewo Chiuta, yewo chomene." Kulira kutatha kunabwera kuseka. Adada anamuseka za imvi, iye anawaseka za jekete limene ankalikumbukira. Sanakangane ngakhale pang'ono. Ndinkayenera kusangalala, ndipo mbali ina ya mtima inasangalaladi, sindine mfiti. Koma mbali inayo inkangowerenga mawu anga akutuluka pakamwa pa anthu ena, wina akuthokoza mnzake.

Pakati pa macheza adada ananyamuka, anapita pakhoma, n'kusisita kabokosi kaja pamutu.

"Kanthu aka," anatero, "kachita tsiku limodzi zimene makalata analephera zaka zonsezi. Mwana wanga, wachita bwino kukagula."

Mng'ono wanga anamwetulira mpaka m'makutu. Ine ndinaluma mlomo. Makalata analephera! Ndinafuna kufuula kuti kabokosiko sikanakwerepo kabaza ndi disiketi m'kamisolo mvula ikugwa, sikanakhalepo pamzere ku kafe, sikadziwa n'komwe kuti amayi anali ndani. Kangofika pa phwando nsima itapsa kale. Koma ndikanati ndinene, ndikanawalanda onse awiri zimene ankayenda nazo m'fayilo ndi m'thumba.

Ndinaganiza kuti bola mlongo wanga andione. Ndinachoka pachitseko paja n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wa adada, pakati pa tebulo ndi khoma. Nthawi yomweyo chithunzi chinauma, mlongo wanga ali kukamwa yasa. Adada anacheuka, anaona kumene ndaima, anaona kabokosi kumbuyo kwanga.

"Tasuntha apo, mwana wanga, ukutchinga."

Alamu anayamba kufotokoza kuti sizigwira ntchito choncho, koma ine ndinali nditasuntha kale. Ndipo chithunzicho, ngati kuti chikundinyoza dala, chinabwerera pompo.

Tsiku limenelo adada anagona komweko, ati kuti mawa adzachezenso. Mawalo linabala sabata. Sabata itatha anabwera ku Masasa ndi galimoto ya alamu kudzatenga zovala ndi mankhwala a bondo. Anati ku Nkhorongo akakhalako pang'ono chabe, popeza mwana wawo amamaliza ntchito madzulo ndipo n'kovuta kumayendayenda. Ndinawapindira malaya. Ndinkapinda mwaukali moti batani limodzi linathothoka.

Potuluka anaima pabalaza, pamene tinkakhala Loweruka lililonse. Anaika fayilo ija patebulo langa, pamodzi ndi kachida koboolera mapepala ndi tizingwe tobiriwira totsala.

"Izi zikhale kuno," anatero. "Ofesi yatsekedwa."

"Chabwino, adada."

Anafika pakhomo, kenako anabwerera masitepe awiri. Sanandiyang'ane kumaso, ankayang'ana fayiloyo.

"Ine ndanyamula makalata a mabwana zaka zambiri. Ndinkadziwa bwana amene amatha kulemba, ndi amene ankangosayina za mlembi wake." Anakonza kolala ya jekete. "Koma mlembi wabwino sasayina kalata, mwana wanga. Umenewo ndiye mwambo wake."

Galimoto inaliza hutala, ndipo anapita.

Miyezi yadutsa tsopano, ndipo pang'ono paja sipanathe. Ndikapita ku Nkhorongo ndimawapeza pampando wapakati, akukambirana ndi mwana wawo za mpira ndi za mitengo ya zinthu, nkhani zopanda mutu zimene sakanazilola kulowa m'fayilo. Anenepa, akuseka kwambiri kuposa kale. Pasiwedi ija sindinapemphebe. Loweruka masana ndimafulula tiyi wa munthu mmodzi, ndipo nthawi zina ndimatsegula fayiloyo n'kuwerenga mbali ya makalata olowa. Pansi pa tsamba lililonse pali dzina la mlongo wanga, lotayipidwa ndi zala zanga. Mwambo ndaumva, adada, ndipo ndausunga. Koma ine ndinkafuna kusayina, ngakhale kamodzi kokha.